Mmene mungayezere kukula kwa boma, kuyambira ku Lilongwe mpaka ku khonsolo ya Mulanje

Musayambe ndi kuchuluka kwa makwacha a mu bajeti. Kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu 2022, kenako ndi 44 peresenti mu 2023, motero bajeti ikhoza kutupa pomwe matumba a simenti amene ingagule achepa.

Tengani ndalama zonse zimene boma lagwiritsa ntchito m'chaka, mugawe ndi GDP, womwe ndi mtengo wa zonse zimene dziko lapanga m'chakacho, muchulukitse ndi 100. Mukapeza 25, ndiye kuti pa K100 iliyonse, K25 yadutsa m'manja mwa boma. Werengerani zimene zidatulukadi, osati zimene nduna idalengeza ku Nyumba ya Malamulo. Chitani chimodzimodzi ndi misonkho ya MRA pamodzi ndi ndalama zina zimene boma limatolera. Mpata wotsalawo umatsekedwa ndi ngongole komanso thandizo lakunja.

Ambiri amapunthwa apa. Kuyambira 2022 chaka cha boma chimayamba pa 1 Epulo, ndipo cha 2021/22 chidali cha miyezi 9 yokha, choncho musachiyerekeze ndi zinzake musanachifikitse pa miyezi 12. National Statistical Office ya ku Zomba itawerengeranso GDP potengera mitengo ya 2017 m'malo mwa 2010, GDP idakwera, boma n'kuoneka ngati lachepa chonsecho palibe chidasintha. Komanso powerengera GDP, tiyi wa m'maesiteti amalembedwa kilo ndi kilo, pomwe nanazi ndi nandolo za pa Chitakale ndi pa Limbuli amangoziyerekeza. Chiwongoladzanja cha ngongole chiikeni padera: chimakulitsa bajeti koma sichigula ndi m'bulu umodzi womwe wa mankhwala.

Kwathu kuno muyeso wothandiza kwambiri ndi wa pa munthu mmodzi. Pemphani bajeti ya khonsolo. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza zikalata za boma lidayamba kugwira ntchito mu 2020. Gawani ndi chiwerengero cha anthu, omwe pa kalembera wa 2018 adali 684,107 m'boma la Mulanje, koma pano achuluka. Ndalama zochokera ku likulu muziwerenge kamodzi, chifukwa zimaoneka m'mabuku onse awiri, a ku likulu ndi a khonsolo.

Pomaliza werengani aphunzitsi, anamwino ndi alangizi a zaulimi pa anthu 1,000 alionse. Funsani amene alipodi pa ntchito, poti malo ovomerezeka papepala ena amakhala opanda munthu. Antchito a ESCOM ndi ADMARC alembeni pamzere wawo, chifukwa makampaniwa ngaboma koma ali ndi mabuku awoawo.