Momwe mungawerengere lipoti la ESIA la pulojekiti ya thandizo n'kuloza pomwe padzabuke mikangano

Ntchito iliyonse yaikulu ya chitukuko, kaya ndi ngalande ya mthirira, msewu, damu kapena nthambo za magetsi, imayenera kuyamba ndi lipoti lounika momwe idzakhudzire chilengedwe ndi miyoyo ya anthu. Lipotili amalitcha ESIA. Kuno kwathu lamulo la Environment Management Act la 2017 ndilo limalamula zimenezi, ndipo bungwe la boma loteteza chilengedwe la MEPA limayenera kukhutira nalo lisanapereke chilolezo. Si nkhani yongokwaniritsa mwambo ayi. Mu 2017 bungwe la maloya la Malawi Law Society linafika mpaka kukhoti pofuna kuti ntchito yopopa madzi kuchoka ku Salima kupita ku Lilongwe isapitirire kauniuniyu asanachitike.

Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti malipoti ambiri amatha masamba ochuluka powerenga mitengo, mbalame, fumbi ndi phokoso, koma akafika pa funso lakuti ndani adzakangana ndi ndani madzi ndi malo zikasintha manja, amangodutsapo. Chonsecho kuno nkhani ya chilengedwe ndi nkhani ya mikangano ndi imodzi. Dambo limene katswiri akulitcha malo a mbalame, kwa wina ndi dimba, kwa wina ndi msipu wa ng'ombe m'chilimwe, kwa winanso ndi potcherapo mono. Ngati muli mu VDC kapena ADC, ndinu mtolankhani wa wailesi ya m'dera, mlangizi, kapena munda wanu waikidwa zikhomo, nazi njira zowerengera lipotilo.

Choyamba: dziwani mwini ndalama

Yang'anani chikwangwani cha pulojekiti, kapena funsani ku ofesi ya DC. Izi n'zofunika chifukwa kuwonjezera pa malamulo a dziko lino, aliyense wopereka ndalama ali ndi malamulo akeake amene boma limasainira polandira ndalamazo.

World Bank ili ndi mfundo khumi zoteteza chilengedwe ndi anthu, zotchedwa ESS1 mpaka ESS10, zimene zinayamba kugwira ntchito pa 1 Okutobala 2018. Zitatu ndizo muzigwire pamtima. ESS1 ndi ya kauniuni yense, ndipo imanena poyera kuti chiopsezo choti pulojekiti ingakolezere mikangano kapena ziwawa chiyenera kuunikidwa. ESS5 ndi ya kutenga malo ndi kusamutsa anthu. ESS10 ndi ya kufunsa maganizo a anthu ndi kumva madandaulo awo. Mapulojekiti amene anakonzedwa tsikuli lisanafike amayendera malamulo akale a bankiyo, choncho funsani chaka chimene yanuyo inayamba kukonzedwa. African Development Bank nayo ili ndi malamulo ake, ndipo pulojekiti imene yaikidwa m'gulu 1 ndiyo yoopsa kwambiri. A USAID, asanatsekedwe mu 2025, ankalemba kauniuni wa zachilengedwe payekha, wa mikangano payekhanso. Kulekanitsa kotere n'kumene kumakusiyirani inu ntchito yolumikiza ziwirizo.

Chachiwiri: pezani mapepala onse, osati chidule chokha

Pemphani ESIA yonse, ndondomeko yochepetsera mavuto yotchedwa ESMP, ndondomeko yosamutsira anthu ndi kupereka chipukutamisozi yotchedwa RAP, ndi ndondomeko yofunsira anthu maganizo. Yambirani kwa mkulu woona zachilengedwe pa khonsolo yanu. Mapulojekiti a World Bank ndi African Development Bank amaikanso mapepalawa pa intaneti. Lembani dzina la pulojekiti ndi mawu akuti ESIA. Akakuzengerezani, lembani kalata yotchula lamulo la Access to Information Act, limene linayamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020. Lamuloli limapatsa ofesi masiku 15 ogwira ntchito kuti iyankhe, ndipo bungwe la Malawi Human Rights Commission ndilo limayang'anira kuti likutsatidwa.

Chachitatu: yambani ndi mapu

Musayambire patsamba loyamba, mudzatopa musanafike pofunika. Tsegulani mapu a malo amene ntchito idzadutse, muwasindikize, mupite nawo pansi pa mtengo pomwe pali akuluakulu, amayi otunga madzi, abusa a ziweto ndi asodzi. Aliyense aloze chimene amachita pamalopo ndiponso mwezi wake. Lembani njira za ng'ombe zopita kumadzi, madooko, zitsime, manda, dambwe, malo otola nkhuni ndi omweta udzu, ndi malire amene midzi iwiri sinagwirizanepo.

Kenako onani mwezi umene akatswiri anabwera kudzachita kafukufuku. Amene anafika m'dzinja anaona dambo lodzaza madzi lopanda munthu, n'kulemba kuti palibe amene amaligwiritsa ntchito. Akanabwera mu Seputembala akanapeza chimanga chachiwisi, nyemba ndi ng'ombe. Mfundo iyi yokha ndi yokwanira kupempha kuti kafukufuku abwerezedwe.

Chachinayi: funsani mafunso atatu a mikangano

Apa ndiye pagona nkhani, ndipo musathamangepo. World Bank yomwe, pofotokoza kauniuni wa mikangano, imafuna kudziwa zinthu zitatu: ngati pulojekiti idzakulitse kusamvana ndi kusiyana kumene kulipo kale, ngati idzasokoneze bata ndi chitetezo cha anthu, komanso ngati mikangano imene ilipo idzasokoneze pulojekitiyo. Werengani lipoti muli ndi mafunso amenewa m'mutu.

Titengere chitsanzo cha Shire Valley Transformation Programme, imene ikukumba ngalande kuchokera pa damu la Kapichira kuti ithirire mahekitala oposa 43,000 m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje, ndi ndalama za World Bank, African Development Bank ndi ena. Ngalandeyo ikuyambira m'nkhalango ya Majete, njira yake ikukhudza nkhalango ya Lengwe, ndipo madzi amene ikupatutsa ndi omwe akanatsikira ku Elephant Marsh, dambo limene mu 2017 linalowa m'kaundula wa Ramsar wa madambo ofunika padziko lonse. Akatswiri a zachilengedwe anaona patali kwambiri mpaka anaika m'mapulani chotchinga choti nsomba yolusa ya tiger fish isakwere kudzera m'ngalande n'kudutsa mathithi a Kapichira, amene kuyambira kale amaitsekereza kuti isafike ku Nyanja ya Malawi. Kuona patali kotereku n'kumene muyenera kufuna pa nkhani za anthu, pa pulojekiti iyi ndi ina iliyonse.

Mikangano imene ilipo kale ndiyo yoyamba. Ku chigwa cha Shire aliyense amadziwa milandu ya ng'ombe zolowa m'minda. Minda ikaphatikizidwa kukhala munda umodzi waukulu wa kopaletivi wolimidwa chaka chonse, ziweto zimene zinkadya mapesi anthu akakolola zidzapita kuti? Lipoti litchule malo ake, milatho yowolokera ziweto pangalande ndi pomwera madzi. Ngati pali mpando wa ufumu umene mabanja awiri akulimbirana, dziwani kuti amene wasainira malo lero mawa akhoza kukanidwa. Lipoti limene langolemba kuti mfumu yavomereza, osatchula kuti ufumuwo uli pamlandu, labisa chiopsezo.

Kenako pali mikangano imene pulojekiti imabereka yokha. Pa sikimu iliyonse ya mthirira pamakhala a kumutu kwa ngalande ndi a kumchira. Madzi akachepa, a kumchira ndiwo amalira. Funsani ngati lipoti lafotokoza kagawidwe ka madzi m'chaka cha chilala, ndiponso amene adzagamule pakati pa magetsi, mthirira, asodzi ndi akumunsi kwa mtsinje. Chilolezo chopatutsa madzi chimachokera ku National Water Resources Authority malinga ndi lamulo la madzi la 2013. Funsani ngati chilipo ndi kuchuluka kwa madzi amene chikulola. Funsaninso za osamutsidwa: akukawaika pamalo a yani, ndipo eni mudzi wowalandirawo anafunsidwa? Mjigo umodzi ndi sukulu imodzi zikalandira mabanja ena ambiri, mkangano suchedwa. Ganyu nayenso ndi nkhani. Ngati kontilakita akulemba anthu kudzera mwa nyakwawa imodzi, midzi inayo idzati takonderedwa.

Musaiwale za m'nyumba. Kumene kuli chikamwini munda ndi wa mbumba, pamene kumene amalowola, monga pakati pa Asena ndi Atumbuka, umayendera kuchimuna. Kalembera amene amangolemba dzina la bambo ngati mutu wa banja amalanda mayi munda wa makolo ake, kapena kusiya mayi wamasiye panja. Ochita lendi ndi obwereka minda nawo kawirikawiri saoneka n'komwe m'kaundula.

Palinso alendo obwera kudzagwira ntchito. Mu Disembala 2015 World Bank inathetsa thandizo lake ku pulojekiti ya misewu ku Uganda anthu okhala m'mbali mwa msewu wa Kamwenge ndi Fort Portal atadandaula kuti ogwira ntchito akugona ndi atsikana achichepere ndi kuwapatsa mimba. Kuchokera nthawi imeneyo nkhani ya misasa ya antchito sitengedwanso mopepuka. Onani pomwe msasa udzamangidwe, kutalika kwake ndi sukulu, ndi malamulo a khalidwe amene wantchito aliyense ayenera kusainira.

Funso lachitatu, loti zochitika m'deralo zingagwetse pulojekiti, muliphatikize ndi nyengo. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anagumula mbali ya damu la Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati a magetsi pafupifupi 130, ndi kuononga pomwe ngalande ija imayenera kuyambira. Madzi osefukira amafafanizanso malire a minda ndi kukankhira anthu kumtunda komwe kuli kale eni. Lipoti limene silinaganizire chaka ngati chimenecho, kapena ngati cha Freddy mu 2023, ndi losakwanira.

Lembaninso zimene zimagwirizanitsa anthu: msika umodzi, mpingo, komiti ya m'mbali mwa nyanja kapena mtsinje, bwalo la mfumu limene onse amalikhulupirira. Pulojekiti yanzeru imadutsira m'zimenezi m'malo moumba makomiti atsopano odzaza abale a munthu mmodzi.

Chachisanu: tsiku lotsekera kalembera

Mu RAP fufuzani tsiku limene kalembera wa katundu anatsekedwa kapena adzatsekedwe. Chimene mwamanga kapena kudzala tsikulo litadutsa sichilipiridwa, ndipo amene sanalembedwe amavutika kulowamo pambuyo pake. Madzi akatayika saoleka. Pansi pa ESS5, chipukutamisozi chiyenera kukwanira kupezera china chofanana ndi chimene mwataya, osachotsera kuti nyumba inali yakale, ndipo chiperekedwe malo asanatengedwe. Ngakhale amene alibe pepala la malo koma amakhalapo kapena kulimapo ali ndi gawo lake: kulipidwa katundu wake ndi kuthandizidwa kusamuka. Musasaine fomu imene simunaiwerenge kapena kuwerengeredwa, ndipo muijambule pa foni.

Mikangano ya malire muithetse kalembera asanafike. Lamulo la Customary Land Act la 2016 linakhazikitsa makomiti a malo kwa gulupu ndi mabwalo oweruza nkhani za malo kwa T/A.

Chachisanu ndi chimodzi: yang'anani ndalama mu ESMP

Lonjezo lililonse likhale ndi zinthu zitatu pambali pake: amene adzachite, nthawi yake, ndi mtengo wake. Mukaona mawu akuti anthu adzaphunzitsidwa kukhala mwamtendere koma palibe ndalama yomangira pomwera ng'ombe, ndiye kuti vutolo langopakidwa laimu.

Chachisanu ndi chiwiri: lembani, musangolankhula

Pamsonkhano wofunsa maganizo lankhulani ndithu, ndipo umirirani kuti amayi, achinyamata ndi abusa a ziweto akhale ndi nthawi yawoyawo, chifukwa pamaso pa mfumu ndi a DC ambiri amangoomba m'manja. Dziwaninso kuti pepala lolembapo mayina a obwera nthawi zina limakaikidwa m'lipoti ngati umboni woti anthu anafunsidwa, choncho pemphani kuti zimene mwakambirana ziwerengedwe musanabalalike.

Koma chimene chimakhalitsa ndi kalata. Ikhale yaifupi. Tchulani tsamba la lipoti, chimene chalembedwa, chimene chili pamalopo, amene adzakangane zikasiyidwa choncho, ndi chimene mukupempha. Mwachitsanzo: lipoti likuti dambo lakuti ndi lopanda ntchito, pamene midzi yakuti imalimamo kuyambira Meyi ndipo ng'ombe zimadyamo mpaka mvula itagwa, tikupempha kuti ngalande ipatuke kapena papezeke malo ena ntchito isanayambe. Tumizani ku MEPA, ku ofesi ya pulojekiti ndi kwa DC, ndipo kope lanu alidinde chidindo ndi tsiku.

Akapanda kuyankha

Yambani ndi komiti ya madandaulo ya pulojekitiyo, ndipo dandaulo lanu lilembedwe m'buku ndi nambala yake. Zikakanika, lemberani ofesi ya World Bank ku Lilongwe kapena nthambi yake ya madandaulo ya Grievance Redress Service. Pamwamba pake pali Inspection Panel, yokhazikitsidwa mu 1993, imene imalandira dandaulo la anthu awiri kapena kuposerapo okhudzidwa ndi pulojekiti, bola asonyeze kuti anayamba adandaulira bankiyo. Mukhoza kulemba m'Chichewa ndi kupempha kuti mayina anu asaululidwe. Pa mapulojekiti ovomerezedwa kuyambira Seputembala 2020, khomo limakhala lotsegula mpaka miyezi 15 pulojekiti itatsekedwa. Pa akale, limatsekeka pulojekiti ikatsekedwa kapena ndalama zikatuluka 95 pa 100 iliyonse. Ngati ndalama ndi za African Development Bank, pitani ku ofesi yake ya madandaulo ya Independent Recourse Mechanism, ndipo ngati zadzera ku IFC, nthambi ya World Bank yokongoza makampani, ofesi yake ya madandaulo ndi CAO. Kulikonse kumene mungapite akhoza kukufunsani makalata amene munalemba poyamba ndi mayankho ake, choncho sungani zonse mu fayilo imodzi, ndipo kope lina likhale kwa munthu wina wa m'komiti.