Momwe mungathanirane ndi makoswe ndi zilombo zina pakhola la nkhuku

Ambiri oweta nkhuku kuseri kwa nyumba muno mu Blantyre akangoona khoswe pakhola amathamangira kumsika kukagula mankhwala. Makoswe angapo amafadi, pakhomo pamanunkha chivundi kwa sabata, kenako gulu lina limatulukira kuchokera m'ngalande kapena kudzala la aneba. Khoswe wamkazi amakhala ndi bere masiku 21 mpaka 23 okha, amaswa ana 6 mpaka 10 nthawi imodzi, ndipo anawo akakwanitsa miyezi 3 nawonso amayamba kuswana. Ndi mankhwala okha simungawathe. Yambani ndi chakudya, kenako mabowo, misampha ibwere pambuyo.

Choyamba, dziwani amene akukuberani

Madzulo mukatsekera nkhuku, sesani mozungulira khola n'kuwaza phulusa losefa. M'mawa mapazi adzakuuzani yemwe anabwera komanso pomwe analowera. Khoswe amasiya timapazi ting'onoting'ono ndi mzere wa mchira pakati, ndowe zakuda m'makona, matumba oboola ndi anapiye olumidwa m'khosi kapena m'miyendo. Mazira akamasowa popanda chikhokhombe chotsala, ganizirani njoka, ndipo njoka nthawi zambiri imabwera potsatira makoswe omwewo. Nyenga imabwera ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Vumbwe ndi wausiku, amanyamula nkhuku yathunthu n'kusiya nthenga zili mbwee kunja kwa mpanda, ndipo amene muli kufupi ndi Michiru ku Chilomoni, kapena m'munsi mwa Soche, Mpingwe ndi phiri la Ndirande, ameneyu mumamudziwa. Galu wa aneba amapha zambiri koma osadya. Loko akakhala wothyoka, nthenga palibe, magazi palibe, chilombocho n'cha miyendo iwiri ndipo nkhani yake ndi ya apolisi.

Chachiwiri, chotsani chomwe chikuwaitana

Makoswe amabwerera gaga ndi fidi. Anapiye ndi mazira amangowapezerapo. Thumba la fidi lisagone pansi kapena pathandala. Pezani mgolo wachitsulo wokhala ndi chivindikiro, kapena ndowa yamalata yovindikirika bwino. Mabigiri apulasitiki amathandiza kwa kanthawi koma khoswe akamva fungo amawaboola, pakuti mano ake akutsogolo amakula moyo wake wonse ndipo amatafuna chilichonse chimene chingagonje. Migolo yakale imapezeka mumsika wa Limbe ndi wa Ndirande, koma nunkhizani m'kati musanalipire. Ina inasungapo mankhwala kapena oyilo, ndipo wogulitsa adzakuuzani kuti munali mafuta ophikira.

Nkhuku sizidya mumdima, choncho palibe chifukwa chosiya chakudya m'khola usiku wonse. Chotsani zodyera madzulo, sesani zotayikira, khuthulani madzi. Nkhuku yoikira mazira imadya magalamu 110 mpaka 120 patsiku. Yezani n'kupereka zokwanira basi. Khoswe mmodzi amadya magalamu pafupifupi 20, zooneka ngati zochepa, koma chomwe amawononga ndi mkodzo ndi ndowe n'chochuluka kuposa chomwe wadya, ndipo m'menemo ndi momwe mumadzera matenda otsekula m'mimba kwa nkhuku ndi kwa anthu. Ndi momwe fidi wakwerera mtengo masiku ano, kudyetsa makoswe n'kulemera kumene ambirife tilibe.

Lambulani udzu mita imodzi kuzungulira khola. Mulu wa njerwa, nkhuni, malata akale ndi matayala zichoke pafupi. Makoko a nsima musamataye kuseri kwa khola.

Chachitatu, waya ndi pansi pa khola

Apa ndi pomwe pali ntchito yeniyeni, ndipo ndi pomwe ine anapiye anandithera. Waya wamba wa nkhuku, uja wa mabowo a makona 6, ntchito yake ndi kutsekera nkhuku kuti zisatuluke. Mabowo ake nthawi zambiri ndi a mamilimita 25 kapena kuposa, pomwe khoswe wamng'ono amadutsa pabowo longopitirira mamilimita 13 ndipo mbewa imakwana pa mamilimita 6. Muyeso wosavuta ndi uwu: pomwe chala chanu chachikulu chalowa, khoswe alowa. Nyenga nayo mutu ukangolowa thupi lonse limatsatira.

Ine ndinagula waya kwa wogulitsa wina ku Limbe amene analumbira kuti sungachite dzimbiri. Mmisiri anaukhoma bwinobwino m'mbali, koma m'munsi anangousiya wakhudza dothi n'kutsamiza njerwa. Chilimwe chonse kunali zii. Mvula yoyamba ya mu Novembala itagwa, dothi linafewa, waya wam'munsi unayamba kufiira n'kumathothoka ukaugwira, ndipo makoswe anakumba una pansi pa njerwa zija n'kutulukira pakona pomwe panali anapiye. M'mawa ndinapeza ena atawakokera kuunako, mitu ili m'kati, miyendo ili kunja. Phulusa lija ndi lomwe linandionetsa kuti njira inali yapansi, pakuti ine maso anali kudenga.

Waya woyenera ndi wa sefa wowotcherera, wa mabowo a makona 4 osapitirira mamilimita 13. Ndi wodula kuposa wamba, mwina kawiri kapena kupitirira, ndipo mitengo ikusintha sabata ndi sabata moti funsani m'mahadiweya angapo. Pitani ndi tepi yanu. Yezani bowo nokha, pindani kachidutswa ndi zala kuti muone ngati mfundo zake sizikumasuka, ndipo ngati mukugula mpukutu wathunthu muuzeni wogulitsa autambasule muuyeze, chifukwa ena amadulako mamita angapo n'kuukulunganso. Ndalama zikachepa, musagule wa khola lonse. Ikani wolimbawo kuyambira pansi kufika mita imodzi m'mwamba komanso pamalo onse a anapiye, wamba ukhale kumtunda, mudzasinthe pang'onopang'ono.

Tsopano pansi. Kumbani ngalande yakuya masentimita 30 kuzungulira khola lonse. Tsitsani waya m'ngalandemo, m'munsi mwake muupinde uloze kunja masentimita ena 30, kenako kwirirani n'kutsendera. Chilombo chokumba chimayambira m'mbali mwenimweni mwa khoma, chikakumana ndi waya chimalephera, sichiganiza zobwerera m'mbuyo kukayambira patali. Kumalo a miyala monga mbali zina za Bangwe ndi Chilobwe komwe khasu limakana, ingoyalani wayawo pamwamba pa nthaka masentimita 45 kuloza kunja n'kuupanikiza ndi miyala ndi simenti. M'kati mwa khola thirani konkire, ngakhale yopyapyala ya masentimita 5. Thumba limodzi kapena awiri a simenti amakwana khola laling'ono, ndipo kusesa kumaphweka. Mauna akale tsekani ndi simenti yosakaniza ndi magalasi oswa. Dothi lokha kapena zisanza amazichotsa usiku womwewo.

Mukamagwira ndi mmisiri, musachoke tsiku lokwirira waya. Kukumba ngalande kumatopetsa, ndipo ntchito yokwiririka palibe amene amaionanso.

Mukatha pansi yang'anani m'mwamba, pakuti khoswe wa m'nyumba zathuzi ndi katswiri wokwera. Mipata ya pakati pa khoma ndi mapindi a malata itsekeni ndi matope a simenti kapena waya wopindapinda. Dulani nthambi za mango ndi mapeyala zomwe zagwera padenga. Pansi pa chitseko khomani kachidutswa ka lata, mpata usapitirire kunenepa kwa pensulo. Njira yachidule yoonera zotsala: lowani m'khola masana, tsekani chitseko, paliponse pomwe pakulowa kuwala posayenera ndi khomo la khoswe. Amene khola lanu ndi la m'mwamba, la pamitengo, vekani mtengo uliwonse lata lopinda ngati chipewa choyang'ana pansi, monga amachitira pankhokwe.

Chachinayi, misampha

Khoswe amakayikira chinthu chachilendo. Mukatchera tsiku lomwelo mugwira mmodzi kapena awiri, otsalawo aphunzirapo. Ikani misampha yosatchera, muikepo chiponde kapena usipa wowotcha kwa masiku 3, azolowere kudya. Kenako tcherani yonse usiku umodzi. Iikeni motsamira khoma chifukwa khoswe amayenda m'mbali, ndipo ivindikireni ndi katoni kapena bokosi loboola uku ndi uku kuti nkhuku isaikemo mlomo. Misampha yosula amisiri a malata ku Ndirande ndi yolimba kuposa ija yamatabwa opepuka yomwe sipuling'i yake imatha mphamvu msanga. Zomata zija zogulitsidwa m'misewu zimagwira anapiye ndi fumbi. Khoswe wakufa musamugwire ndi manja, valani jumbo, mukamutaye m'chimbudzi chokumba kapena mumukwirire mozama. Mphaka amathandiza pa mbewa, koma kwa anapiye nayenso ndi mdani.

Za mankhwala

Tameki musamubweretse pakhomo. Timibulu takuda tija togulitsidwa m'timapepala topanda dzina ndi mankhwala a m'munda otchedwa aldicarb, oopsa kwambiri, ndipo pang'ono pokha amapha galu, nkhuku ngakhale mwana. Ngati makoswe achuluka moti misampha yalephera, gulani mankhwala olembedwa bwino kusitolo ya zaulimi, ovomerezeka ndi Pesticides Control Board. Ambiri mwa amenewa amaletsa magazi kuundana ndipo khoswe amafa patapita masiku 3 mpaka 7, choncho musaonjezere poganiza kuti sakugwira. Aikeni m'kati mwa chidutswa cha paipi, kunja kwa khola, ndipo m'mawa uliwonse tolani akufa nkhuku zisanatuluke, chifukwa nkhuku imajompha khoswe wakufa. Mwana akadya mwangozi, thamangani naye kuchipatala mutanyamula paketi yake, musadikire kuti ayambe kudwala.

Zina zotsalazi

Kabawi ndi akhwangwala: anapiye asayende poyera mpaka atakwanitsa masabata 6 kapena 8, pamwamba pa bwalo lawo yalani ukonde kapena waya wamba uja munachotsa. Vumbwe ndi agalu: tsekerani nkhuku kusanade, chitseko chikhale ndi loko weniweni osati kamtengo. Njoka: tolani mazira kawiri patsiku, musapise dzanja m'chisa chamdima, ndipo ikakulavulirani m'maso sambani ndi madzi ambiri n'kupita kuchipatala. Linthumbu la m'dzinja: phulusa lotentha panjira yake, oyilo wakutha pamitengo ya khola. Waya wam'munsi uyendereni mu Okutobala mvula isanayambe, pomwe pafiira dulani muikepo chigamba.