Mwana Wakhunyu Akayamba Kuvuta Pakhomo ndi Kusukulu

Makolo ambiri akaona mwana wodwala khunyu akulephera m'kalasi amafulumira kunena kuti mutu wake sukoka, ndipo ena amamusiyitsa sukulu. Komatu ana ambiri akhunyu ali ndi nzeru ngati anzawo onse. Amene amatsalira kwambiri kawirikawiri ndi aja ubongo wawo unavulala pobadwa kapena ndi matenda oumitsa khosi ndi malungo aakulu, komanso amene amagwa pafupipafupi osamwa mankhwala. Kafukufuku wa pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2010, anapeza kuti mwa ana 132 amene anachira malungo ogwira ubongo, 12 anadzayamba khunyu, ndipo ena anayamba ukali ndi kusakhazikika zimene analibe kale.

Musanamutche wamwano, muyang'anitsitseni. Pali mtundu wa khunyu umene sugwetsa mwana pansi: amangoti zii kwa masekondi ngati khumi, pensulo ili m'manja, maso ali pamodzi, osayankha ngakhale mumuitane, kenako n'kupitiriza kulemba ngati palibe chimene chachitika. Zimenezi zikhoza kubwera kambirimbiri pa tsiku, kotero kuti phunziro amalimva modukaduka, ndipo mphunzitsi amene sanauzidwe amathamangira ndodo poganiza kuti ndi ulesi. Pitani nokha mukawafotokozere aphunzitsi, ndipo muwapemphe kuti azimukhazika kutsogolo.

Nthawi zina gwero ndi mankhwala. Phenobarbitone, amene amaperekedwa kwambiri m'zipatala zazing'ono, amawodzeretsa ana ena, pamene ena amawachititsa kukhala ojijirika ndi opsa mtima msanga. Mukaona zotere musamusiyitse mankhwalawo mwadzidzidzi, chifukwa mwana angakomoke kwa nthawi yaitali mpaka moyo wake kukhala pachiswe. Bwererani naye kuchipatala kuti adokotala aone ngati n'koyenera kusintha mlingo kapena mtundu wa mankhwala. Kuti mukalankhule zomveka, sungani kope lolembamo tsiku limene wagwa, mphindi zimene zatenga, mmene anagonera usiku wake ndiponso khalidwe lililonse lachilendo, pakuti mawu oti "akungovuta" sathandiza dokotala kwenikweni.

Koma vuto limene ndimaliona lalikulu limachokera kwa ife akuluakulu. Mwana amene amapatsidwa mbale yakeyake poopa malovu ake, chonsecho khunyu si matenda opatsirana, amadzipatula kapena kuyamba ndewu, ndipo sitiyenera kudabwa. Kwina kumakhala kumulekerera: azibale ake amauzidwa kuti "musamukwiyitse, angagwe," mpaka iye amazolowera kuti palibe womuletsa kanthu. Mulangizeni monga mumalangizira ana ena, osamumenya, ndipo mumupatse ntchito zapakhomo monga kusesa ndi kutonola chimanga. Zoti mumuletse ndi kuphika yekha pamoto, kukwera mitengo, ndi kupita kuchitsime kapena kumtsinje popanda munthu wamkulu womuperekeza.