Kusankha dzina la plugin yoyesera ma webusayiti: fufuzani kaye musanalikonde

Abale anga amene mukulemba khodi kuno ku Joni, ndikulemba izi chifukwa mwezi wathawu timu yathu inataya masiku atatu athunthu tikukangana za dzina pomwe plugin yeniyeniyo tinali titaimaliza kale. Ntchito yake ndi yosavuta kufotokoza, imalowa mu pytest, chida choyesera khodi ya Python, imatsegula browser yokha, imadina mabatani ngati kasitomala amene akugula zinthu pa webusayiti, nde ikapeza kuti penapake pasokonekera imajambula screenshot nkuisunga. Basi. Koma pa dzina mpomwe tinamatirira, ndipo sindikufuna inu mudzavutike chimodzimodzi.

Choyamba musathamange. Kumudzi kuja mwana sapatsidwa dzina tsiku lomwe wabadwa, amadikira kaye mchombo ugwe atuluke m'chikuta, nanunso teroni. Folder ipatseni dzina lililonse longogwirizira mpaka chinthucho chiyambe kugwira ntchito ndipo mwaona khalidwe lake. Selenium imene tonse timaidziwayi, chida choyesera ma webusayiti, pomwe Jason Huggins ankaiyamba mu 2004 ku ThoughtWorks inkatchedwa JavaScriptTestRunner. Dzina loti Selenium linabwera pambuyo, panali kampani ya Mercury Interactive imene inkagulitsa zida zoyesera mapulogalamu, nde iye anati poyizoni wa mercury mankhwala ake ndi selenium, dzina nkukhazikika mpaka lero.

Plugin yanu ikayamba kugwira ntchito, lembani chiganizo chimodzi chokha chonena zimene imachita, ndipo aliyense mu timu avomereze chiganizocho. Ifeyo mkangano wathu gwero lake linali pamenepa, wina ankaona ngati tapanga chojambulira ma screenshot pomwe wina ankati ayi ichi ndi choyang'anira tsamba lolipirira, anthu awiri kufunira mayina zinthu ziwiri zosiyana.

Kenako kumbukirani kuti plugin ndi mlendo m'nyumba ya eni, imayenera kutenga mfunda wa pakhomopo. Ngati ikulowa mu pytest dzina liyambe ndi pytest- monga pytest-selenium, pytest-playwright, pytest-splinter. Ya ESLint, chida chofufuza zolakwika mu khodi ya JavaScript, imayamba ndi eslint-plugin-. Izi si zokongoletsa ayi, munthu akafuna plugin amalemba mawu amenewo posaka, mukawasiya ndiye kuti mwadzibisa nokha. Theka la dzina lapezeka kale pamenepo, chatsala ndi mawu amodzi a kumapeto.

Pa mawu amodziwo pali njira ziwiri. Mutha kungonena ntchito mosabisa, kapena kutenga chithunzi chimene chikufanana ndi ntchitoyo. Onani Puppeteer ya Google ya mu 2017, chida cholamulira browser, tanthauzo la dzinalo ndi munthu wovinitsa zidole ndi zingwe, browser ndiye chidolecho. Microsoft itatulutsa yake mu 2020 inati Playwright, wolemba sewero, browser nkumasewera zimene walembazo. Mayina onsewa ukangowamva umaona kale amene akulamula ndi amene akumvera. Ine maganizo anga ndi oti ka plugin kakang'ono kochita chinthu chimodzi kapatseni dzina lonena ntchito, koma ngati mukuona kuti kadzakula, chithunzi chimakhalitsa kuposa.

Apa mpomwe ife Amalawi mtima umatikokera kwathu, ndipo palibe cholakwika, nanenso ndimafuna kuona mawu a Chichewa pa PyPI, malo amene timaikako ma package a Python. Kungoti chinenero chathu chili ndi misampha yake pa terminal. Mnzathu wina anati titche ng'ona poti imadikira phee mpaka igwire, chithunzi chabwino zedi, koma kachizindikiro ka pakati pa g ndi o sikaloledwa mu dzina la package, ukakachotsa pamatsala ngona, ndipo aliyense wa JavaScript akaona ng kumayambiriro amaganiza za Angular. Chilembo cha ŵ nachonso iwalani, anzathu a kuno sachipeza nkomwe pa keyboard. Bilimankhwe linatuluka poti amasintha mtundu ngati mmene plugin imasinthira ma browser, koma tapemphani mnzanu wa ku Soweto alilembe osaonera, muona nokha. Sankhani mawu afupi a zilembo wamba, monga mlonda. Tinene kuti pytest-mlonda, Mmalawi wamva kale kuti ichi chimalondera usiku anthu ali mtulo, ndipo amene sadziwa Chichewa atha kulilembabe bwinobwino.

China chimene ku Lilongwe simungachiganizire koma kuno nchofunika, ofesi imodzi mumakhala olankhula Chizulu, Chisotho, Chishona, Afrikaans. Mawu ooneka osalakwa kwa ife amatha kutanthauza zina kwa iwo. Tengani gona. Kwa ife ndi tulo, kwa Mshona kugona ndi kutha kuchita chinthu, kwa Mzulu ndi kukumbatira. Pamenepo zangosiyana chabe palibe wakhumudwa, koma alipo mawu ena amene kwa anzathu ndi otukwana, nde musanalembe dzina paliponse litchuleni mokweza pa nthawi ya lanchi aliyense alimve, mutu umodzi susenza denga. Mukaona wina wayang'ana pansi mufunseni pambali.

Tsopano gawo limene ndikufuna mulisamale kuposa onse. Musakonde dzina musanalifufuze. Tengani mayina asanu kapena asanu ndi limodzi, muwadutsitse onse pa sefa tsiku limodzi. Ku Python tsegulani pypi.org/project/ nkuwonjezera dzinalo, ku JavaScript, kumene ma package amasungidwa ku npm, lembani npm view ndi dzinalo, ikakubwezerani 404, kutanthauza kuti silinapezeke, nthawi zambiri ndiye kuti palibe walitenga. Dziwani kuti PyPI siisiyanitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono, komanso - ndi _ ndi . kwa iyo ndi chimodzi, lamuloli lili mu chikalata cha malamulo a Python chotchedwa PEP 503, choncho musaganize kuti mukasintha kamzere mwapeza dzina latsopano. Ku npm dzina liyenera kukhala la zilembo zazing'ono zokhazokha, ndipo amakana limene langosiyana ndi lina pa timizere ndi timadontho. Ngati dzina mwalikondadi koma lili ndi mwini, npm imalola kuliika pansi pa dzina la timu yanu, loyamba ndi @ lija. Ku PyPI kuli njira yopempha dzina losiyidwa kudzera mu PEP 541 koma imatenga nthawi, musaikire mtima pamenepo. Mukatha apo sakani pa GitHub ndi pa Google.

Pewaninso dzina longosiyana chilembo chimodzi ndi package yotchuka. Mu 2017 ku npm kunapezeka crossenv imene inkanamizira cross-env nkumaba zinsinsi za m'makompyuta a anthu, chiyambireni pamenepo anthu amakayikira dzina lililonse lofanana ndi la wina, ngakhale inu mulibe maganizo oipa.

Nkhani ya ma trademark musaipeputse poti ndinu ang'ono. Browser ya Firefox inayamba ngati Phoenix mu 2002, kampani ya Phoenix Technologies itadandaula anasintha kukhala Firebird mu 2003, nkupeza kuti kuli kale database ya dzina lomwelo, mpaka mu 2004 mpomwe anakhazikika pa Firefox. Jade ya ma template ija inasanduka Pug pa chifukwa chomwechi. Ndiye pali ya mu March 2016, pomwe kampani ya Kik inafuna dzina la kik pa npm, npm nkuipatsa, mwini package Azer Koçulu atakwiya anachotsa ma package ake oposa 200 kuphatikizapo left-pad ya mizere 11 yokha, ma build a anthu dziko lonse nkuima. Zonsezi chiyambi chake dzina. Kuno ku South Africa ma trademark amalembetsedwa ku CIPC, ofesi ya boma yolembetsa makampani, nde ngati plugin mudzaigulitsa kapena ikunyamula dzina la kampani, kafufuzeniko.

Dzina la browser musaliike mu dzina lanu. Lero mukuyesa pa Chrome pokha, mawa kasitomala akuti anthu ake ambiri ali pa iPhone akufuna Safari, dzina lasanduka bodza. PhantomJS, browser yoyenda popanda windo, inali paliponse, Chrome 59 itabwera mu 2017 ndi njira yoyendera popanda windo anthu anasamuka, mu 2018 ntchito yoikonza nkuimitsidwa, ndipo ma plugin onse amene anali ndi phantom mu dzina anakalamba tsiku limodzi.

Ambiri amaiwala kuti dzina silikhala pa package pokha. Pali loika ndi pip install, pali la import, pali ma fixture, zinthu zimene plugin imakonzeratu kuti ma testi agwiritse ntchito, pali ma option a pa terminal. Yesetsani zonse zifanane, pytest-mlonda poika, pytest_mlonda pa import. Tonse tinasokonezekapo ndi beautifulsoup4 imene pa import ndi bs4, kapena Pillow imene ndi PIL, musawonjezere mavuto amenewo. Pa ma option ndiye samalani kwambiri, pytest-playwright ili kale ndi --browser komanso fixture yotchedwa page. Inu mukaikanso --browser, munthu amene waika ma plugin onse awiri pytest imukanira kuyamba nkomwe, ikuti option imeneyo ilipo kale. Izi zinatichitikira ife Lachisanu madzulo pa laputopu ya mnzathu watsopano, ma testi onse zii, ndipo tinakhala mpaka mdima tikusakasaka mu khodi pomwe vuto linali mawu amodzi. Ikani dzina lanu patsogolo, --mlonda-browser, lalitali inde koma siligundana ndi la wina.

Akatsala mayina awiri, yesani chonchi. Tumizani voice note pa WhatsApp kwa mnzanu amene sanamvepo za plugin yanu, muijambule muli mu taxi ya ku Bree phokoso lili pakati, mungonena kuti taika chakuti. Iye alembe zimene wamva nkukubwezerani, kenako mumufunse kuti akuganiza kuti chimachita chiyani. Akalemba molondola koyamba komweko nkuyandikira pa ntchito yake, dzina ndi limenelo. Akakufunsani kuti ndi l kapena r, kapena mubwereze, tengani linalo.

Pomaliza pake musavote timu yonse, mudzatuluka ndi dzina losakoma aliyense. Amene adzasamalire plugin ndi amene agamule atamva maganizo a onse. Akagamula, tsiku lomwelo tsegulani repo pa GitHub, sinthani dzina mu pyproject.toml ndi pa entry point ya pytest11, pomwe pytest imapezera plugin yanu, nkutulutsa version 0.1.0 yogwiradi ntchito ngakhale ili yochepa. Kuika pa TestPyPI, malo oyesererapo chabe, sikukusungirani dzina ku PyPI yeniyeni, ndi malo awiri osiyana, nde ikani konse kuwiri musanatseke laputopu.