Mmene mungadziwire ngati sikana yanu ikuona mumdima wa filimu

Kwezani silaidi (filimu yoonetsa chithunzi m'mitundu yake yeniyeni) padzuwa, muyang'ane pamthunzi wa mtengo. Udzu ukuoneka, miyala ikuoneka, ngakhale makwinya a malaya a munthu amene wakhala pamenepo. Mukaiika m'sikana, pamthunzi ponse pakutuluka bii ngati makala. Zimenezi zinandichitikira ndi silaidi ya Velvia 50, ndipo ndinatha masabata ndikulimbana ndi kompyuta, osadziwa kuti nkhani inali dynamic range ya sikana: kutalika kwa ulendo umene imatha kuona, kuchokera poyera kwambiri pa filimu kukafika pakuda kwambiri.

Yambani ndi kumvetsa manambala. Kuda kwa filimu amakuyeza ndi density. Pamalo pa 1.0 pamadutsa gawo limodzi mwa magawo 10 a kuwala, pa 2.0 limodzi mwa 100, pa 3.0 limodzi mwa 1,000. Mukawonjezera 0.3, kuwala kwatsika ndi theka. Kuda komaliza kumene sikana imathabe kusiyanitsa ndiko amakutcha Dmax.

Nambala ya Dmax yolembedwa pabokosi muziiwerenga mofatsa. Kawirikawiri imakhala masamu a mabiti basi, manambala amene sikana imalembera kuwala m'magawo. Mabiti 8 amapereka magawo 256, amene pa density ndi 2.4; mabiti 14 amapereka 4.2, mabiti 16 amapereka magawo 65,536, amene ndi 4.8. N'chifukwa chake sikana ya Nikon Coolscan V, ya mabiti 14, inalembedwa 4.2, pamene Coolscan 5000, ya mabiti 16, inalembedwa 4.8. Mabitiwo ali ngati mizere ya pa rula. Rula ikhoza kukhala ndi mizere yambirimbiri, koma diso lowerenga likapanda kuona mumdima, mizere yakumapetoyo siithandiza.

Zimene zimaika malire enieni ndi ziwiri. Choyamba ndi noise ya sensa, timadontho tosafunika tochokera m'kachipangizo kowerenga kuwala. Sensayi, yotchedwa CCD, imatulutsa kamagetsi kakekake ngakhale pasanafike kuwala kulikonse, ndiye pamene filimu ikudutsitsa kadontho chabe ka kuwala, chithunzi chimamira m'timadontho tofiira ndi tobiriwira. Apa ndi pamene ma drum scanner, masikana ozunguza filimu pa mgolo amene amagwiritsa ntchito machubu a PMT okuza kuwala kochepa, amapambanira. Chachiwiri, chimene ambiri sachiganizira, ndi kuwala kosochera. Kumachokera kumwamba koyera kwa chithunzicho kapena m'mbali mwa filimu, n'kumwazika pa lenzi, pa kalilole wafumbi kapena pagalasi lachifunga, kenako n'kugwera pamthunzi. Ine ndimaona kuti ichi chimawononga zithunzi zambiri kuposa kuchepa kwa mabiti.

Kuti muyese yanu, pezani step wedge, kachidutswa ka filimu kokhala ndi masitepe akuderaderabe. Ya Stouffer T2115 ili ndi masitepe 21 osiyana ndi 0.15, kufika cha pa 3.05; kwa wojambula masilaidi, T4110 ya masitepe 41 ndiyo yabwino chifukwa imafika cha pa 4. Zimitsani zonse zodzikonzera zokha m'pulogalamu, sikanani pa mabiti 16, sungani ngati TIFF. Pakompyuta walitsani mbali yakudayo, muwerenge masitepe mpaka pamene awiri oyandikana afanana. Pamenepo ndiye pathera sikana yanu. Kenako phimbani galasi lonse lotsala ndi pepala lakuda lochindikala, musiye kachiboo ka filimu kokha, mubwereze. Mukapeza sitepe ina imene poyamba simunaione, mwamugwira wakuba: kunali kuwala kosochera.

Noise mungaichepetse ndi multi-sampling, imene ili mu pulogalamu yosikanira ya VueScan pa masikana amene amailola. Kuwerenga malo amodzi ka 4 kumaidula ndi theka, ka 16 kumasiya gawo limodzi mwa 4, koma konzekani kudikira. Multi-Exposure ya pulogalamu ya SilverFast imasikana kawiri, kachiwiriko nthawi yayitali kuti ilowe mumthunzi. Kalilole wam'kati akachita fumbi, ayeretsedwe ndi munthu wodziwa, poti chonyezimira chake chimakhala pamwamba ndipo sichichedwa kukalika.

Musanagule sikana ina, onani kaye filimu imene muli nayo m'kabati. Negetivu ya mitundu siida kwambiri, ndipo sikana ya galasi ngati Epson V600, yolembedwa 3.4, imaikwanitsa bwinobwino. Komanso pa negetivu malo akuda ndi mitambo ndi nyali, osati mithunzi. Masilaidi a Velvia ndi Kodachrome ndiwo amapitirira 3.0, ndipo kwa iwowa sitepe iliyonse yowonjezera ndi udzu uja wa pansi pa mtengo.