Kukonza webcam kuti nkhope izioneka bwino pa Zoom ndi Teams

Musanataye ndalama kugula webcam (kamera ya pa kompyuta) ina ya misonkhano ya pa Zoom kapena Teams, yambani mwaona kumene kuwala kukuchokera m'chipindamo. Kachipangizo kolandira kuwala ka mkati mwa webcam ndi kakang'ono zedi, ndipo kuwala kukachepa kamera imachita zinthu ziwiri. Imakweza gain, kutanthauza kuwalitsa chithunzi mokakamiza, n'chifukwa chake chithunzi chimadzaza timadontho tonga mchenga, komanso imatenga nthawi yaitali pojambula chithunzi chilichonse. Kamera yojambula zithunzi 30 pa sekondi ili ndi 1/30 ya sekondi basi pa chithunzi chimodzi. Ikafuna nthawi yoposa pamenepo imachepetsa zithunzizo mwina kufika pa 15, ndiye mukagwedeza dzanja limaoneka mwachimbuuzi. Ambiri apa amanamizira netiweki, chonsecho vuto ndi mdima.

Khalani moyang'anizana ndi zenera, osalifulatira. Zenera likakhala kumbuyo, kamera imayeza kuwala kwa panjako n'kukusiyani muli bii. Ngati dzuwa likuwomba mwachindunji, tsekani ndi katani yoyera yopyapyala. Usiku babu la kudenga palokha silithandiza, limakumba mithunzi m'maso ndi pansi pa mphuno. Ikani nyali kuseri kwa sikirini, cha pambali pang'ono, pamwamba pa mlingo wa maso, pafupifupi mita imodzi kuchokera pa nkhope. Ikamakuthobwani, ilozetseni ku khoma loyera la kutsogolo kwanu kuti kuwala kuzibwerera kuli kofewa. Babu la LED la mawati 9 limakwana bwino.

Musasakanize mitundu ya kuwala. Pa katoni ya babu pamalembedwa 2700K ngati ndi lachikasu, kapena 6500K ngati ndi loyera ngati masana. Mbali imodzi ya nkhope ikamalandira chikasu, inayo kuwala kwa pazenera, white balance, imene kamera imalinganizira mitundu, imangosinthasintha ndipo khungu limasintha mtundu muli mkati molankhula. Zimitsani chimodzi.

Mizere yakuda yoyenda pachithunzi, kapena kuphethiraphethira, ndi nkhani ya magetsi. Ku Malawi, Zambia, Mozambique, South Africa ndi Britain magetsi ndi a 50 Hz, choncho mababu ambiri amathwanima ka 100 pa sekondi, diso osaona. Ku America ndi 60 Hz, ndipo makamera ambiri amabwera atatchereredwa pamenepo. Fufuzani pamene palembedwa PowerLine Frequency kapena Anti-flicker mu pulogalamu ya kamerayo, monga Logi Tune ya Logitech, musankhe 50 Hz. Mu OBS Studio, pulogalamu yojambulira ndi kuulutsira kanema, mumalowera pa Configure Video. Mizere ikapitirira, ganizirani babulo. Ma LED otchipa ndi nyali zina zotchaja zimathwanima mwa njira yawoyawo, makamaka mukazichepetsa kuwala. Ziyatseni mokwanira, kuwala kukachuluka muzisunthire kutali.

Tsono kamera yeniyeniyo. Logitech C270 imajambula 720p (nambalayi ikakula chithunzi chimaoneka bwino kwambiri) ndipo focus yake, mtunda umene chithunzi chimayerera, siisintha. C920 imafika 1080p pa zithunzi 30 pa sekondi, imaona madigiri 78 ndipo imadzisakira yokha focus. Kwa munthu mmodzi pa desiki madigiri 78 ndi okwanira, otambalala kuposa apo amangoonetsa zovala zopachika kukhoma. Kudzisakira focus kumeneku, kotchedwa autofocus, kuli ndi khalidwe lotopetsa: kuwala kukachepa imangosakasaka, chithunzi n'kumayera, kenako chimbuuzi, n'kuyeranso. Khalani mmene mumakhalira nthawi zonse, masentimita 50 mpaka 70 kuchokera pa kamera, zimitsani autofocus, ndipo sunthani focus pamanja mpaka nsidze zioneke bwino. Diso la kamera likhale pa mlingo wa maso anu. Laputopu ili pa tebulo imajambula chibwano ndi denga, ndiye isanjikeni pa mabuku. Galasi lipukuteni ndi kansalu ka magalasi a m'maso, poti mafuta a zala amachititsa chifunga.

Pa chingwe ndi pamene pamasokoneza ngakhale odziwa makompyuta. C920 imayendera USB 2.0, imene malire a liwiro lake ndi 480 Mbps. Kanema wa 1080p wosapanikizidwa, wotchedwa YUY2, amafuna pafupifupi 995 Mbps pa zithunzi 30, ndiye sangadutse. Zikatero kamera imatsika kufika pa zithunzi 5 pa sekondi ndipo mumaoneka modukizadukiza ngakhale magetsi onse ali oyaka. Mu OBS, pa Video Format sankhani MJPEG, imene ndi kanema wopanikizidwa. Zoom ndi Teams zimasankha zokha, koma kamera ikagawana USB hub (kabokosi kochulukitsa malo olowetsera USB) imodzi ndi hard drive kapena kamera ina, msewu umapanikizika. Ilowetseni mwachindunji pa kompyuta. Chingwe chowonjezera chisapyole mamita 5 mukaphatikiza ndi cha kamera.

Kamera ikakana kuoneka n'komwe, onani zitatu izi motsatana: kachitseko ka pagalasi ngati kalipo, kenako Settings, Privacy & security, Camera pa Windows 11 kuti mapulogalamu ndi ololedwa, kenako pulogalamu ina imene yagwira kamerayo. Teams yobisala pansi pafupi ndi wotchi imatha kuimana Zoom.

Za intaneti, liwiro lofunika ndi la upload (popita), pomwe anthu amakonda kuyang'ana download (pobwera). Zoom imati kukambirana kwa anthu awiri pa 720p kumafuna 1.2 Mbps popita ndi 1.2 pobwera, ndipo 1080p imafuna 3.8 popita. Powerengera bandulo, 720p imadya pafupifupi 1 GB pa ola. Ngati mukudalira hotspot ya foni, chotsani chizindikiro pa HD mu Video settings ya Zoom, ndipo lumikizani foniyo ndi chingwe cha USB m'malo mwa Wi-Fi kuti izitchajanso. Virtual background, chithunzi chobisa za kumbuyo kwanu, imalemetsa laputopu yakale mpaka fani kulira, bola khoma lopanda kanthu.

Maikolofoni awiri a pa C920 ali kutali ndi pakamwa, motero amatola fani, galu ndi mvula ya pa malata. Mahedifoni a chingwe amene amabwera ndi foni amawaposa, komanso amathetsa kubwerera kwa mawu kumene kumachitika maikolofoni ikamatola za mu sipika. Mukawalowetsa, tsegulani Audio settings musankhe dzina lawo pa Microphone ndi pa Speaker, chifukwa Zoom imatha kukakamirabe pa maikolofoni a kamera. Dinani Test Mic, nenani chiganizo chimodzi, mudzimvere nokha msonkhano usanayambe.