Musanatsitse galimoto yanu muno mu Harare

Abale anga a ku Mbare ndi Highfield amene mukufuna kutsitsa galimoto kuti ikhale pafupi ndi pansi, chonde musadule masipuling'i ndi gulayinda. Sipuling'i yodulidwa sikhazikika pamalo pake, imatha kusuntha mukagwera m'dzenje.

Gulani opangidwira mtundu wa galimoto yanuyo, monga a kampani ya Eibach kapena H&R, otsitsa mamilimita 25 mpaka 30 basi. Mukapyola apo, mahampu ndi maenje a nthawi ya mvula akuswerani sampu, chosungira oilo cha pansi pa injini. Ndinaona ndi maso anga Honda Fit ya mnzanga ikuchucha oilo pamsewu, mtima unandiwawa kwambiri.

Mashoku otopa sapirira masipuling'i olimba, asintheni limodzi. Mukamaliza kachititseni alayimenti (kuwongoletsa kaimidwe ka matayala), apo ayi matayala adyeka mkati.